Chaka Chimene Mabotolo Anakwera Mapiri

Thoko ndi Mphatso, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu ukadali kugwira. Za ubwana wanga ndizilumpha, chifukwa palibe chimene ndinachita chosiyana ndi atsikana ena akwathu. Ndiyambira pamene ndinagwira choko, ndipo mundikhululukire ndikathamanga pa zaka zoyambazo. Mtima wanga uli pa chaka chimodzi, chaka cha kolona, chimene inu munali kutali ndipo zambiri simunazione.

1985

Ndinapita ku sukulu yanga yoyamba, kumapiri a Ntchisi, nditakhala pamwamba pa matumba a feteleza m'lole. Dalaivala ananditsitsa pamphambano n'kuloza ndi mlomo kuti ndikaona denga la malata kuseri kwa phiri, ndiye kuti ndafika. Ndinayenda maola awiri sutikesi ili pamutu. Mphunzitsi wamkulu, a Chimphonda, anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Anandilandira pakhonde la ofesi n'kufunsa kuti, "Mwachokera pamphambano wapansi? Ndi katundu ameneyu? Ndiye simukupuma n'komwe wefuwefu?" Nditavomera, anawomba m'manja kamodzi. "Basi, masewera ndi anu." Umu ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi wa masewera, popanda kufunsira komanso popanda kuphunzira.

Sukulu yonse inali ndi mpira umodzi. Anyamata ankaumenya Lolemba ndi Lachitatu, atsikana ankauponya Lachiwiri ndi Lachinayi, Lachisanu unkagona kwa wosoka nsapato. Magoli a ntchemberembaye tinapanga ndi mikombero yakale ya njinga. Bwalo linali lopendekeka, moti timu yosewera chotsika inkagoletsa mmene ikufunira, kenako tikasinthana mbali inkabweza zonse. Bambo anu ndinawadziwira pa bwalo lomwelo. Anali mlangizi wa zaulimi, ndipo pampu ya njinga yawo ndi imene inkapopa mpira wathu. Pakupita kwa miyezi ndinaona kuti akubwera ndi pampu ngakhale masiku amene mpirawo sunaphwe.

2004 mpaka 2019

Nditawonjezera maphunziro ananditumiza cha ku Mvera, kenako ku sekondale yoyendera ya kumapiri cha ku Chezi, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Ndinkaphunzitsa Chichewa ndi bayoloje, masewera ananditsatira okha. Mphunzitsi wamkulu wanga womaliza anali a Kalumbu, katswiri wa masamu, munthu wabwino koma woopa makalata. Kalata iliyonse yochokera ku ofesi ankaiwerenga kawiri, kuiboola, n'kuiika m'faelo yobiriwira imene sinkachoka patebulo pawo.

Ana athu ambiri ankachokera kuseri kwa mapiri. Ena ankanyamuka kusanache bwino, kutsika chigwa, kuwoloka mtsinje, kukwera chitunda, madzulo n'kubwerera momwemo. Akafika pabwalo Lachitatu ankathamanga ngati sanayende. Ine ndinkadzitama kuti ndimadziwa kukonza ana, osazindikira kuti ntchito yaikulu inkagwiridwa ndi njira ya kusukuluyo, ine ndinkangomalizitsa.

Malichi 2020

Uthenga woti sukulu zitsekedwe unatipeza tikukonzekera mipikisano ya m'dera lathu. A Kalumbu anaimirira pa asembule n'kuuza ana kuti apite kwawo, asamaunjikane, azisamba m'manja, ndipo tsiku lobwerera adzalimva pa wailesi. Anyamata ena anakuwa ndi chimwemwe ngati alandira holide yaulere. Mipira yathu itatu inalowa m'kabati ya mu ofesi, kiyi n'kulowa m'thumba la a Kalumbu.

Mtsikana wina wa Fomu 2, Halima, ananditsatira mpaka pakhomo la nyumba. Anali mwana wa a Sumaili, a golosale ya pa tauni yathu yaing'ono, ndipo pothamanga mtunda wautali palibe mtsikana amene ankamupeza.

"Madamu, nanga mpikisano?"

"Milungu iwiri kapena itatu, tibwerera," ndinatero. "Usasiye kuthamanga."

Ndinalankhula ngati munthu wodziwa. Sindinkadziwa kanthu.

Meyi 2020

Poyamba sindinade nkhawa. Ndinkati ana a kumudzi sasowa ntchito, ndipo inali nyengo yokolola. Koma chimanga chitalowa m'nkhokwe, ntchito zotsala zinali zokhala pansi: kutonola, kuthothola mtedza, kusankha fodya m'chigafa tsiku lonse. Mpira wa m'midzi unaletsedwa, makwaya anasiya kukumana, ndipo ulendo wa kusukulu uja unatha.

Tsiku lina ndikupita kukagula sopo ndinapeza anyamata asanu pakhonde la ometa tsitsi, mitu ili pamodzi pa foni imodzi. Pakati pawo panali Yelemiya wa Fomu 3, kaputeni wa timu yathu ya mpira, mnyamata amene ankatha kusewera magemu awiri motsatizana. Atandiona anaimirira pang'onopang'ono ngati nkhalamba, n'kundiperekeza. Pa kachitunda ka pa chigayo, kamene ine wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi ndimakwera ndikucheza, ndinamva mnzanga akupuma mwaphokoso.

"Yelemiya, ukudwala?"

"Ayi Madamu, kungoti thupi likulemera."

"Umadzuka nthawi yanji?"

Anaseka mwamanyazi. "Dzuwa likatentha. Ndidzukirenji, Madamu? Tsiku lililonse ndi Lamulungu, koma lopanda tchalitchi."

Ku golosale ndinapeza Halima kuseri kwa waya wa pa kauntala, nkhope itatupa ngati munthu wogona masana. Bambo ake ali ndi matenda a shuga, ndipo atamva pa wailesi kuti kolona sachedwa kutenga anthu otero, analamula kuti m'nyumba mwawo musatuluke munthu. Halima ankachoka kuchipinda kupita pa kauntala, kuchoka pa kauntala kubwerera kuchipinda. Anandinong'oneza kuti anayesa kudumpha chingwe m'chipinda chosungira katundu, koma anagwetsa thireyi ya mazira, chingwe n'kulandidwa. "Miyendo imandiyabwa, Madamu," anatero. "Ndikakhala pansi imangonjenjemera yokha." Pobwerera ndinakumana ndi mayi wina amene anandiuza kuti atsikana athu awiri a kuseri kwa phiri alowa m'banja. Ndinafika kunyumba nditaiwala sopo pa kauntala.

Juni 2020

Aphunzitsi okhala m'nyumba za pasukulu nafenso tinkangozungulira. A Kalumbu anali atalemba mafunso a masamu mulu wonse, koma analibe njira yowafikitsira kwa ana. Zophunzira pa foni zinkanenedwa, koma kwathu kuno foni yotere inali imodzi pa anyamata asanu, ndipo munaona kale ntchito imene inkagwira. M'mawa wina ndikutsuka botolo la pulasitiki la mafuta ophikira, zinthu ziwirizi zinakumana m'mutu mwanga: mapepala opanda miyendo ndi miyendo yopanda kopita.

Ndinawafotokozera a Kalumbu pansi pa mtengo wa mango, titatalikirana. Mafunso tiwapinda n'kuwaika m'botolo. Mwana mmodzi athamanga nalo kuchoka pasukulu kukafika pamalo ogwirizana, alisiya, abwerera. Wina wa mudzi wotsatira alitenga, achotsa pepala la mudzi wawo, athamanga gawo lake, mpaka botolo lifike mudzi womaliza. Masana libwerera momwemo litanyamula mayankho a mafunso apitawo.

A Kalumbu analowa mu ofesi n'kutuluka ndi faelo yobiriwira. "Kalata ikuti misonkhano ayi, masewera ayi."

"Ikunenapo za mwana wothamanga yekha panjira ya kwawo?"

Anaiwerenga kawiri monga mwa chizolowezi chawo. "Sikunena. Koma Mayi Nankhoma, mwatsala ndi zaka ziwiri kuti mupume. Mukufuna kutuluka ndi kalata yoipa?"

"Ndikufuna kutuluka ana alipo, bwana."

Anatseka faelo n'kunena kuti ndikayambe ndafunsa a zaumoyo. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu anali Mayi Nachisale, mayi wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kukalipa. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kuika malamulo ake: wothamanga akhale mmodzi, pamalo osiyira botolo pakhale sopo ndi mpondagiya, kachigubu ka madzi kopendeketsa ndi phazi kaja, botolo litsukidwe lisanagwiridwe ndi wina, ndipo wotsokomola akhale kunyumba. "Mukaphwanya limodzi, Madamu, ndidzabwera ndekha kudzatseka," anatero. Nditabwerera ndinapeza a Kalumbu atapukuta kale fumbi pa makina akale opukusa mapepala.

Tinakonza njira ziwiri. Ina inkakwera kudutsa pa mkuyu mpaka ku Thanthwe, ina inkatsika kudutsa pa mlatho mpaka midzi ya kutsidya. Ana anadzitcha okha a ku Thanthwe ndi a ku Mlatho. Bambo anu, amene anali atapuma kale ntchito, anayenda pa njinga mudzi ndi mudzi kupempha chilolezo kwa makolo ndi kumanga mipondagiya. Kwa a Sumaili ndinapita ndekha.

"Aphunzitsi, ine ndimakulemekezani," anatero ali kuseri kwa waya, masiki atatseka mpaka m'maso. "Koma mwana akatenga matendawa panjira, amene afe ndi ine."

"Sakumana ndi munthu, a Sumaili. Ndimupatsa gawo loyamba, kuchoka pasukulu kufika pa mkuyu, m'mawa mukangotha mapemphero. Njira yonse imaoneka muli pakhonde panu pomwepa."

Anatuluka, n'kuima pakhonde, n'kuyang'ana chitunda mpaka pa mkuyu. Halima anali chilili pakati pa matumba a mchere, osaphethira.

"Avale buluku lalitali ndi mpango wake," anatero pomaliza. "Akabwera asambe kuseri asanalowe m'nyumba. Ndipo akaima kucheza ndi munthu, zathera pomwepo."

Tsiku loyamba linali lochititsa manyazi, koma tinaseka mpaka misozi. Halima ananyamuka ngati mphepo, pakati pa chitunda anaima, manja pa mawondo, theka lotsalalo anayenda. Ku Mlatho botolo linasowa. Bambo anu anapalasa njinga kukalifuna, anakapeza Yelemiya atakhala pamwala, botolo lili pamiyendo, akuyang'ana kumwamba. Atawaona anati, "Bambo, musakanene kwa Madamu. Munene kuti ndinalasidwa ndi minga." Bambo anu anabwera kudzanena zonse, ndi za minga zomwe.

Mabotolo ankayenda Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Bambo anu ankakhala pa mpando pakhomo la sukulu ndi wotchi yawo, kulemba pa bolodi nthawi imene botolo lililonse labwerera. Sitinanene kuti ndi mpikisano, koma wothamanga womaliza ankawerenga bolodi, mawa lake mapiri onse adziwa amene watsogola. Pofika mlungu wachitatu nthawi zinayamba kutsika. Ana amene sindinawaonepo pabwalo anayamba kutumiza mapempho m'botolo momwemo kuti nawonso apatsidwe gawo, ndiye tinadula magawo aatali pawiri ndi kuika kasinthasintha. Pakati pa mayankho a masamu ndinkapeza timapepala tachipongwe toti ndikapereke ku njira inayo. Kena kanati, "A ku Mlatho, kodi botolo lanu limayendera ndodo?" Yankho linabwera Lachitatu: "Lathu limalemera chifukwa mayankho ake ndi olondola." A Kalumbu anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kutsimikiza kuti a ku Mlatho sananame.

Amayi anayamba kunditumizira mbatata ndi maungu. Amake Yelemiya anaima patali kuseri kwa mpanda wathu n'kukuwa kuti, "Madamu, mwamuchita chiyani mwana uja? Akudzuka nkhuku zisanatsike, akudya ngati anthu awiri, ndipo dzulo wakatunga madzi osatumidwa!" M'zaka zanga zonse za uphunzitsi sindikumbukira mwezi umene ndinasangalala ngati umenewo.

Julaye 2020

Kunazizira, ndipo pa wailesi nkhani za matenda zinayamba kuipa. Maliro a kolona sanalinso a kunja kokha. Nthawi yomweyo mbiri ya mabotolo inali itafalikira. Anthu anali atakhala miyezi popanda mpira, popanda zikwati zazikulu, popanda chilichonse choonera, ndiye anayamba kuima m'mbali mwa njira. Poyamba anali ana aang'ono awiri atatu, kenako amayi ochokera kumjigo.

Lachisanu lina ndinatsika kukaona pa mlatho. Ndisanafike ndinamva nthungululu. Anthu anali atadzaza mbali zonse ziwiri za mtsinje, wina akugulitsa nzimbe, wina zitumbuwa, anyamata abweretsa ndi ng'oma yomwe. Yelemiya anatulukira pa chitunda akuuluka, fumbi lili m'mbuyo, ndipo atangoika botolo pansi anthu anamunyamula m'mwamba. Ndikuuzeni zoona, ana anga: ndinakuwa nawo. Mtima wa mphunzitsi wa masewera unadumpha ndisanaganize. Nditatembenuka ndinaona Mayi Nachisale ataima pa chulu, manja atapinda pachifuwa.

"Madamu, izi ndi zimene tinagwirizana?"

"Ayi."

"Ndikupatsani mlungu umodzi. Anthuwa achoke."

Tinayesa. Bambo anu anazungulira midzi kupempha anthu kuti azionera ali pamakomo pawo. Tinasintha nthawi yonyamukira, koma othamanga amagona m'nyumba zomwezo ndi oonerera, ndiye chinsinsi sichinakhale. Lachitatu lotsatira ndinakwera ku mkuyu m'mawa. Gulu linali pomwepo, ndipo pakati penipeni, phewa ndi phewa ndi anthu, panali a Sumaili. Munthu amene anatsekera banja lake m'nyumba miyezi iwiri anali atatsitsira masiki pachibwano, akukuwa kuti, "Halima! Halima! Ponda!" Pafupi nawo bambo wina ankatsokomola osatseka pakamwa.

Ndinatsika chitunda n'kulunjika kwa a Kalumbu kukawauza kuti tiimitse. Ndinkayembekeza kuti apuma mpweya wa mpumulo, koma anandidabwitsa.

"Tiimitse? Mayi Nankhoma, mwaona mmene ana akukhozera? A Fomu 4 sanandilemberepo chonchi ali m'kalasi. Tingochepetsa masiku. Kamodzi pa mlungu."

"Kamodzi pa mlungu ndiye kubwera anthu a mapiri onse, bwana."

"Ndiye ana abwerere pakhonde la ometa tsitsi?"

Ndinkadziwa kuti ndikaimitsa, ena abwereradi pakhonde, ndipo mwina mtsikana wina alowa m'banja amene botolo likanamusunga. Ndinkadziwanso kuti a Sumaili akadwala, Halima adzakhala moyo wake wonse akudziwa kuti bambo ake anakatenga matenda pomuchemerera iye. Ndinawauza a Kalumbu zimenezi. Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali, kenako anati, "Munayambitsa ndinu. Mutseke ndinu."

Lachisanu mabotolo ananyamula kalata yanga yomaliza. Ndinalemba kuti mpikisano watha, mafunso azibwera ndi bambo anu pa njinga. Ndinafotokoza chifukwa chake mosabisa. Pansi ndinawonjezera pempho: aliyense apitirize kuthamanga gawo lake payekha, tsiku ndi nthawi imene wafuna, osauza munthu, ndipo akafika kumapeto aike mwala umodzi pambali pa mpondagiya. Polemba ndinkadziwa kuti ndikupempha chinthu chovuta. Kuthamanga anthu akukuwa dzina lako ndi kwina, kuthamanga wekha kukuzizira ndi kwina.

Ana anakwiya. Halima analira pa kauntala ndipo anandipatsa sopo osandiyang'ana. Yelemiya akandiona pamsewu ankakhota. Amayi ena ankanena pamjigo kuti Madamu achita nsanje poona kuti ana atchuka. A Sumaili okha anabwera kudzaima kuseri kwa mpanda wathu, masiki ali m'malo mwake, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ndamva kuti munandiona. Ndinaiwala. Mwana akamathamanga, munthu umaiwala."

Ogasiti 2020

Milungu iwiri ndinakhala osakwera phiri, poopa kukapeza pansi pali mbee. Ndinkangochonga mapepala amene bambo anu ankabweretsa, ndipo timapepala tachipongwe tija munalibe. Loweruka lina iwo anabwera atatuluka thukuta, anatsamiritsa njinga pa mpanda n'kunena kuti, "Amake Thoko, valani nsapato."

"Kwagwanji?"

"Valani nsapato, mafunso pambuyo."

Tinakwera mpaka pa mkuyu. Pambali pa mpondagiya panali mulu wa miyala wofika m'mawondo. Tinapitirira mpaka ku Thanthwe, malo aliwonse osiyira botolo anali ndi mulu wake, wina waukulu, wina waung'ono. Pa wina munthu anali atalemba ndi khala pa mwala wafulati kuti, "A ku Mlatho bwerani mudzawerenge." Ndinakhala pansi pa udzu wouma n'kuyamba kuseka, kenako kulira, kenako kusekanso, mpaka bambo anu anati anthu aganiza kuti andimenya. Mawa lake tinatsika ku mlatho. Kumeneko miyala ya mumtsinje ndi yosalala, ndipo anali ataisanja bwinobwino ngati khoma.

Okutobala 2020

Makalasi onse atabwerera, sukulu inali ya masiki ndi zidebe za madzi, masewera anali oletsedwabe. Si onse anabwerera. Madesiki angapo anakhala opanda eni ake, ndipo mayina awo ndimawakumbukira mpaka lero. Atsikana awiri aja tinawatsatira ndi a komiti ya makolo, mmodzi anabwerera chaka chotsatira ndipo anamaliza.

Pa asembule yoyamba munthu sunkafunika kufunsa amene ankathamanga ndi amene ankakhala. Ena anafika belu lisanalire, akucheza. Ena anafika phunziro loyamba litatha, atagwira m'chiuno, yunifomu ikukana kumanga mabatani. Ngakhale buluku la a Kalumbu linali litawathina, ndipo anavomera okha pamaso pa ana kuti akanapempha gawo. Zinatenga mwezi wathunthu kuti njira ya kusukulu ibweze miyendo ya onse.

Pa nthawi yopuma Yelemiya anabwera kudzaima pakhomo la chipinda cha aphunzitsi, akupotokola kope m'manja.

"Madamu, ndinakukwiyirani."

"Ndinaona. Unkakhota ngati ndine galu wolusa."

"Ndinakukwiyirani mpaka mwala wa makumi awiri. Ndikamaika ndinkati, uwu ndi wa Madamu, aone kuti sitikuwafuna." Anakanda m'mutu. "Kenako ndinapeza kuti ndikungothamanga, chimene ndinkakwiyira ndaiwala."

Aphunzitsi onse m'chipindamo anaphulika kuseka, iye n'kuthawa.

2022

Mipikisano itabwerera tinapita ku Dowa Boma pa lole, ana akuimba njira yonse. Yelemiya anali atamaliza kale sukulu, koma anabwera yekha pa njinga kudzaonerera. A Sumaili, atabayitsa katemera, anatseka golosale tsiku la msika, chinthu chimene anthu amati sichinachitikepo, n'kukwera nafe kutsogolo.

Pa mtunda wautali wa atsikana Halima anayamba ali pakati pa gulu. Pozungulira kachitatu anali wachinayi. Pozungulira komaliza anadutsa awiri motsatizana, mpango ukuuluka, ndipo kunja kwa chingwe bambo ake ankathamanga naye limodzi, mkanjo atagwirira m'manja, patapata imodzi itatsala m'mbuyo. Mtsikana wamtali wa sukulu yogonera konko anamupitirira ndi mapazi ochepa chabe. Halima anagwa pa udzu akuseka.

A Sumaili anandipeza akupuma movutika, phazi limodzi lili pansi.

"Aphunzitsi, mwaona? Wachiwiri! Boma lonse! Chaka chamawa tidzatenga woyamba."

"Halima akumaliza chaka chino, a Sumaili. Inenso ndikupuma."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo. "Kupuma kwa chiyani? Mng'ono wake ali Fomu 1, ndipo miyendo yake ndi yaitali kuposa ya uyu."

Ndinapumadi kumapeto kwa chaka chimenecho, kalata yanga inali yabwino, ndipo a Kalumbu anaiwerenga kawiri asanandipatse. Tinasamukira m'nyumba yathu ya kuseri kwa chigayo. Loweruka loyamba ndili pa penshoni ndinamva kugogoda m'mawa, ndipo nditatsegula ndinapeza mng'ono wake wa Halima ndi anzake anayi, nsapato zili m'manja. Ndiye mukaimba foni Loweruka m'mawa n'kupeza sindikuyankha, musamaganize kuti ndadwala. Muziimba masana.